Kansonga Pachipata cha Nkhungu

Mukafunsa za Teleza kwa akuluakulu a ku Goliati, ambiri angoti, "Aa, uja wothyola tiyi uja? Uja wa nthano zamasana?" Basi, athera pomwepo. Mayi anabereka dengu kumsana mpaka mapewa kupindika, zala zinachita kuda bii ndi utomoni wa masamba, ana anayi analera yekha, koma zonsezo anthu anaiwala. Anasungapo chimodzi chokha, chakuti ankanena nthano kunja kukuwala, chinthu chimene ngakhale mwana wosavala amadziwa kuti sichichitika. Anthu ndi otero, abale. Amatola chimene chinawaseketsa, chimene chinamupweteka mwini wake n'kuchisiya panjira.

Teleza anabadwira m'mudzi wina kuseri kwa Goliati, m'banja la Alomwe. Bambo ake anali mkamwini wofatsa zedi, woti nkhuku ikalowa m'nyumba ankachita kuipempha kuti ituluke. Mawu onse a pabanjapo anali m'kamwa mwa amalume a Teleza, a Zakeyu. Lamulungu a Zakeyu anali mkulu wa mpingo, masiku ena onse anali kapitawo pa esiteti ya tiyi, ndipo kaya kutchalitchi kaya kumunda ankayenda chimodzimodzi, manja kumbuyo, wezulo ili lende pachifuwa. Sanali munthu woipa, ayi. Anangokhala munthu wokhulupirira kuti chilichonse chili ndi mzere wake, tiyi ndi anthu omwe.

Mu 1945, Teleza ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amalume akewo anamulembetsa ntchito yothyola. Tsiku loyamba anamuika pafupi ndi Alesi, mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anali atathyola kale zaka ziwiri, wolongolola kuyambira m'mawa mpaka poweruka.

"Tamvera iwe," anatero Alesi. "Masamba awiri ndi kansonga. Osati atatu, osati limodzi. Ukathyola lokhwima, amalume ako omwewo akukhuthulira dengu lonse pansi. Kuno sadziwa mbale."

Teleza anathyola kamodzi n'kuika padzanja. Masamba awiri, lina uku lina uku, ndipo pakati pawo kansonga kopyapyala kosatambasuka, kadontho ka mame kali pamutu pake. Anakayang'ana nthawi yaitali mpaka Alesi anamugunda ndi chigongono.

"Wagona?"

"Iyayi. Ndikuona mwana wa mfumu. Awa awiriwa ndi nduna, akumulondera kuti asathawe."

"Ha! Atipatsa wamisala," anatero Alesi. Anathyola pang'ono, kenaka anatembenuka. "Tsono athawire kuti?"

Amene sanakhaleko ku Thyolo sadziwa nkhungu. Imatsika m'phiri mwakachetechete, kudzaza zigwa, kumeza mitengo ya bulugamu, kenaka fakitale ndi chumuni chake, mpaka munthu umatsala wekha ndi chitsamba cha tiyi chimene chili patsogolo pako. Mnzako wa mzere wachiwiri umangomumva kupuma ndi kuthyola, thyo, thyo, thyo. Mawu amayenda patali m'nkhungu, koma sudziwa kumene achokera. M'mawa wina wotere, kukuzizira mpaka m'mafupa, Teleza anangoyamba yekha, "Panangokhala."

Amayi a m'mizere anakuwa. "Iwe mwana! Nthano masana? Ukufuna kutiitanira tsoka?"

"Dzuwalo mukuliona?" anafunsa Teleza.

Onse anayang'ana kumwamba. Kunali mbuu, dzuwa osaoneka ngakhale pang'ono.

"Ngati dzuwa palibe, masanawo ali kuti?"

Kenaka Alesi, amene mtima unali utamuyabwa kale, anayankha mokweza, "Tili tonse!" Enawo anatsatira mmodzimmodzi. Lamulo linakhazikika tsiku lomwelo popanda wolikambirana: nthano ya Teleza inkayamba nkhungu ikatsika, ndipo nkhungu ikangoyamba kung'ambika iye ankatseka pakamwa, ngakhale mawu atafika pakati. Komanso, monga zimakhalira ndi nthano iliyonse, akaima kuti apume sankapitiriza mpaka omvera atamuyankha kuti tili tonse. Amayi aja anayamba kutukwana dzuwa, anthu oti kale ankachita kulipempherera.

Nthanoyo inali ya dziko limene lili pamwamba pa nkhungu, kumene anthu amayenda pankhungupo ngati pamphasa. Mwene, ndiye kuti mfumu ya dzikolo, anali ndi mwana mmodzi yekha, dzina lake Kansonga. Panali lamulo lakuti phazi la mwanayo lisadzaponde dothi, chifukwa tsiku limene adzaponde, nkhungu idzasungunuka ndipo dziko lonse lidzagwera pansi, nkhokwe, mbuzi ndi mipando yomwe. Mweneyo ankamva khutu limodzi lokha, lamanzere. Tsono nduna zake ziwiri, Tsamba Lamanja ndi Tsamba Lamanzere, zinkalimbirana khutu limenelo, pakuti aliyense anali ndi mwana wa mlongo wake amene ankafuna kuti akwatire Kansonga. Tsamba Lamanja, poona kuti malo ake ali kukhutu logontha, ankalawirira kubwalo n'kutembenuza mpando wa mwene kuti uyang'ane kumbuyo. Mwene ankafika, n'kukhala, n'kuweruza milandu atafulatira anthu ake, akudabwa kuti kodi lero bwalo lapita kuti. Amayi ankaseka mpaka kukhala pansi m'mizere.

Miyezi inapita, nkhungu ndi nkhungu. Nduna zija zinanyengerera alonda, zinanamizirana ufiti, zinathirana mankhwala m'thobwa, koma thobwalo linamwedwa ndi woimba ng'oma amene anangoyamba kulankhula chilungamo chokhachokha mpaka anamuthamangitsa kubwalo. Kansonga yekha ndiye analibe chochita. Ankakhala m'mphepete mwa dzikolo, miyendo ili lende, akuyang'ana dothi lofiira pansi patali.

Kumapeto kwa mizere, pansi pa bulugamu wamkulu, pankaima ngolo yonyamula masamba kupita kufakitale. Woyendetsa wake anali Che Stambuli, mnyamata wachiyawo wa ku Khonjeni, Msilamu, wamtali, wa kofiya yoyera imene sinkada ngakhale m'matope a Januwale. Ng'ombe zake ziwiri zinali ndi mabelu m'khosi. Sankalankhula kwambiri, ndipo akalankhula amayi ankamuseka chifukwa cha lilime lake: nsomba kwa iye inali somba, nsalu inali salu, nsapato inali sapato. Iye ankangomwetulira n'kumasanja matumba.

Tsiku lina Teleza akukhuthula dengu lake pafupi ndi ngoloyo, Stambuli analankhula motsitsa mawu, maso ali pa ng'ombe.

"Achemwali, pepani. Mwana wa mwene uja, ndiye kuti adzakalamba osadziwa mmene dothi limazizirira?"

Teleza anatembenukira kwa iye. "Inu a Che Stambuli, mumamvera nthano za akazi?"

"Ine ayi. Ng'ombezi ndi zimene zimakana kuchoka."

Nkhungu yotsatira, m'nthano munalowa munthu watsopano. Anali mnyamata wa pansi pano, woyendetsa ng'ombe zimene zimakoka mitambo ya mvula, matope ali kumapazi. M'mawa uliwonse ankadutsa kunsi kwa dziko la nkhungu, mabelu akulira, ndipo Kansonga ankasuzumira. Tsiku lina anatsitsa ulusi wautali wa mkanda wake, ndipo mnyamatayo anamangirirapo kachibuma ka dothi. Kansonga anakakoka, anakanunkhiza, n'kukabisa m'nsalu.

Nkhungu itang'ambika Alesi anasendera pafupi. "Tandiuza. Mnyamata wa mvulayu, kofiya ali nayo?"

"Thyola tiyi, iwe."

M'mawa mwake, Teleza potenga dengu lake pangolo, anapezamo gwafa mmodzi wakupsa, atakulungidwa bwinobwino m'tsamba la nthochi.

Tsono apa m'pamene panali vuto, ndipo Teleza ankalidziwa bwino lomwe. Mwana wa mlongo wa mkulu wa mpingo kukwatiwa ndi Msilamu? Zimenezo kunyumba kwa a Zakeyu sizinkatchulidwa n'komwe. Akhristu ndi Asilamu a kumeneko ankagula mchere pa sitolo imodzi, ankausa mvula pakhonde limodzi, maliro ankalirana, koma ukwati ayi, mpanda unali pomwepo. Kuwonjezera apo, a Zakeyu anali atayamba kale kulandira moni wautali kuchokera kwa abale a Edson, kalaliki wa ku ofesi ya esiteti, mnyamata wa njinga ndi tayi, woimba bwino m'kwaya. Ndi kapitawo uti angakane mkamwini wa mu ofesi?

Choncho awiriwo sanakumanepo kuseri kwa thengo, sanagwiranepo dzanja, ngakhale kamodzi. Chikondi chawo chonse, chaka ndi miyezi ingapo, chinachitikira pakati pa anthu makumi atatu, ndipo kupatula Alesi panalibe wina wochiona. Zakukhosi kwake Teleza ankaziika m'kamwa mwa Kansonga n'kuzitumiza m'nkhungu, akudziwa kuti pansi pa bulugamu pali khutu. Stambuli ankayankhira pangolo, mawu awiri atatu, ngati munthu wongotsutsa nthano.

"Mnyamata wa mvula uja ndi wamantha," anamuputa Teleza tsiku lina. "Chaka chonse kumangodutsa pansi."

"Si mantha, achemwali. Pakhomo pa eni ake munthu salowa asanaitanidwe."

Ankamukonda. Tisazungulire, Teleza ankamukonda mnyamatayo mpaka chakudya kukana kutsika, ndipo masiku a dzuwa, nthano ikagona, ankangothyola ngati wodwala.

Mu Juni 1947 a Zakeyu analengeza pabanja kuti ankhoswe a Edson abwera Lamulungu likudzalo. Nkhani ya pa esiteti siigona panjira, ndipo pofika Lachiwiri Stambuli anali ataimva. Tsiku limenelo, kwa nthawi yoyamba, anasiya kuyang'ana ng'ombe n'kuyang'ana Teleza m'maso.

"Loweruka sitima imaima pa Khonjeni. Ku Limbe kuli achemwali anga, nyumba ilipo. Sindikukukakamizani. Pano simungandiyankhe, anthu achuluka. Nkhungu ikatsika, ayankhe ndi Kansonga." Dzinalo iye analitchula kuti Kasonga. "Akatsegula chipata n'kuponda dothi, ndidziwa. Akabwerera kwa bambo ake, ndidziwanso, ndipo sindidzakuvutitsaninso."

Lachitatu kunawala dzuwa loti ngakhale phiri linkaoneka mtengo uliwonse. Teleza anathyola tsiku lonse osalankhula. Anaganiza za amayi ake, mmene adzawalozere zala kutchalitchi. Anaganiza za bambo ake ofatsa aja, amene adzakalipiridwe mlandu wosaudziwa. Lamulo la m'nthano lija analipanga ndi iye mwini, lakuti mwana wa mwene akaponda dothi zonse zimagwa, ndipo tsopano anaona kuti sanalitole kutali. Anachita mantha kwambiri. Koma poweruka, akutsika kanjira kopita kumudzi, mabelu a ng'ombe analira kutsidya kwa chigwa, ndipo iye anaima n'kumvetsera mpaka anazimiririka. Pofika pakhomo anali atatsimikiza kuti Kansonga atsegula. Anachapa nsalu yake yabwino, n'kuiyanika kuseri kwa nkhokwe.

Lachinayi nkhungu ya chiperoni inatsika yochita kukhudza pansi. Munthu ukatambasula dzanja, zala zako zinkaoneka ngati za wina. Amayi asanamange n'komwe madengu anali atayamba kale kupempha.

"Panangokhala," anatero Teleza.

"Tili tonse!"

Anainena pang'onopang'ono tsiku limenelo, mawu ake ali ofewa ngati woimbira mwana. Nduna zija zinali zitagwirana pakhosi pabwalo, kulimbirana miyendo ya mpando, wina kutembenuzira uku, wina uko, mwene ali pampando pomwepo akuzungulira. Alonda onse anathamangira kukaonera. Kansonga anavula zibangili kuti zisalire, anatenga kachibuma kake ka dothi, n'kuyamba kutsika makwerero a nkhungu, limodzi, lachiwiri, lachitatu.

"Tili tonse!"

Anatsika mpaka nkhungu inayamba kupyapyala kumapazi. Anamva fungo la mvula yoyamba. Anamva mabelu. Patsogolo pake panali chipata chotsiriza, chansungwi, ndipo kuseri kwa chipatacho kunali dothi lofiira, ndi mnyamata wa mvula ataima, chingwe cha ng'ombe chili m'manja.

"Kansonga anaika dzanja pa mpiringidzo," anatero Teleza, n'kuima kuti amuyankhe.

Panalibe woyankha.

Chimene chinachitika n'chakuti a Zakeyu anali atamva mphekesera yakuti Tsamba Lamanja wa m'nthano amayenda manja kumbuyo, ndipo anabwera mwakachetechete kudzadzimvera okha. Anali ataima mapazi atatu kumbuyo kwa Teleza. Alesi anaona khaki wa buluku lawo n'kumeza lilime, ndipo chete ameneyo anafalikira mzere ndi mzere. Teleza, nkhope ili kutsogolo, sanaone kanthu. Akanakhala kuti zinathera pomwepo, bwenzi atangokalipiridwa za kucheza pa ntchito, basi.

"Ndati, Kansonga anaika dzanja pa mpiringidzo."

Zii. Madontho okha ankagwa m'masamba. Ndiyeno kuchokera m'nkhungu, kumapeto kwa mizere, kunabwera mawu a mwamuna, onjenjemera, a munthu amene walephera kudikira.

"Tili tose."

Kalanga ine! Nkhungu inabisa nkhope, inabisa kofiya, inabisa ngolo ndi ng'ombe zake, koma lilime sinathe kulibisa. Akanati tonse, akanakhala mwamuna aliyense mwa amuna zana a pa esitetipo, wongoseka nawo nthano za akazi. Koma wonena tose kuchigawo chimenecho analipo mmodzi yekha. Ndipo a Zakeyu sanali opusa. Woyendetsa ng'ombe m'nthano, woyendetsa ng'ombe pansi pa bulugamu, ndi mawu onjenjemera chotero, zonse anazilumikiza nthawi yomweyo. Wezulo inalira.

"Teleza. Tula dengulo."

Anatembenuka. Liwu limodzi lokha ndi limene linatsala, lakuti anatsegula. Linali pakamwa penipeni, ndipo akanalifuula likanafika pa bulugamu paja. Koma anakumana ndi maso a amalume ake, munthu amene kuyambira ali wakhanda sanamuyankhepo ataimirira. Anagwada m'matope, liwu lija n'kubwerera kukhosi. Limeneli ndi limene linamudya moyo wake wonse, osati za a Zakeyu ayi, koma kuti iye mwini anakhala chete.

Pofika masana ngolo inali ndi woyendetsa wina. Chimene a Zakeyu anakanena ku ofesi palibe akudziwa, koma Stambuli anauzidwa kuti asadzapondenso pa esitetipo. A Zakeyu anamuperekeza Teleza tsiku lomwelo kwa amayi ake aakulu ku Chimaliro, kumene sankapita ngakhale kuchitsime yekha. Loweruka linafika n'kudutsa. Patapita nthawi Alesi anadzamuuza kuti wina anaona Che Stambuli pa siteshoni ya Khonjeni, ataima kuyambira m'mawa, akuyang'ana njira yochokera ku Goliati, ndipo anakwera sitima itayamba kale kuyenda.

Anakwatiwa ndi Edson chaka chomwecho. Tisamunamizire Edson, anali mwamuna wabwino. Sanamumenyepo, nkhani ya m'nkhungu ija sanaitchulepo ngakhale anaimva, ndipo Lamulungu ankamukweza pa njinga popita kutchalitchi. Teleza ankamulemekeza, ankamuphikira bwino, ndipo atamwalira ndi chifuwa mu 1955 anamulira ndi mtima woona. Kenaka, ana anayi ali pakhomo, anabwerera kumizere ndi dengu lake, pafupi ndi Alesi yemwe uja, amene tsopano anali wonenepa koma pakamwa posasintha. A Zakeyu anali atapuma ntchito, ndipo pasanapite nthawi nawonso anatsikira kuli chete.

Nkhungu ikatsika, atsikana atsopano amene anamva mbiri yake ankamupempha. "Anakubala, tiuzeni ija ya Kansonga." Iye ankangoti anaiwala. Bodza! Sanaiwale kanthu. M'mutu mwake mwana wa mwene anali chiimire pachipata, dzanja pa mpiringidzo, chaka ndi chaka, osakalamba. Chimene chinkamupweteka sichinali kwenikweni kuti sanapite ku Limbe, pakuti ana ake ankawakonda ndipo sakanawasinthanitsa ndi kanthu. Chinali chakuti munthu uja anapita osadziwa yankho. Kapena ankaganiza kuti Kansonga anali kubwerera kwa bambo ake. Kapena anafika poganiza kuti yonse ija inali nthano chabe, ya mtsikana wokonda kuseketsa anzake.

M'mawa wina wa Julayi 1963, nkhungu ili mbuu ngati tsiku lija, Alesi anaitana kuchokera kumapeto kwa mzere. "Teleza! Kuli mlendo wako kuno. Akuti akufuna mayi wa nthano."

M'nkhungumo munatuluka mtsikana wa zaka ngati khumi ndi zinayi, wamtali, mpango utakuta mutu ndi khosi, mapazi ali ofiira ndi matope a njira yaitali. Anagwada n'kupereka moni. Teleza atangoona mmene mwanayo ankayang'anira pambali polankhula, anatsitsa dengu pansi.

"Ndiwe mwana wa yani?"

"Wa Che Stambuli, amayi. Tikukhala ku Limbe. Dzina langa ndine Sofiya, koma ababa ankanditchula Kasonga."

Alesi anagwira pakamwa. Teleza anafunsa chapansipansi, "Ali bwanji?"

"Anatisiya, amayi. Sadaka ya masiku makumi anayi tachita sabata yatha."

Teleza anakhala pansi m'ngalande ya pakati pa mizere, pamatope pomwepo. Mtsikanayo anadikira pang'ono, kenaka anapitiriza. Anati bambo ake ankayendetsa lole, ndipo akabwera ku ulendo ankawauza anawo nthano ya dziko la pamwamba pa nkhungu, ya mwene wa khutu limodzi ndi nduna zotembenuza mpando. Ankainena bwino, mpaka amayi awo ankasiya ntchito kudzamvera. Koma nthawi zonse ankaimira pamalo amodzi, dzanja pa mpiringidzo. Ana akalira kuti amalize, ankati sangathe, chifukwa kumapeto kwake kuli ndi eni ake, mayi wina wothyola tiyi ku Thyolo, ndipo munthu samaliza nthano ya mwini.

"Atadwala kwambiri anandiitana. Anati, iwe ndiwe mwini dzina, udzapite ukafunse. Amayi anga ndi amene andikweza sitima. Akuti nawonso atopa kudikira." Mtsikanayo anakweza maso. "Tsono amayi, anatsegula?"

Amayi a m'mizere yoyandikana anali atasiya kuthyola. Ena mwa iwo analipo tsiku lija. Teleza anapukuta nkhope ndi nsalu, n'kuyang'ana kumwamba. Dzuwa kunalibe. Anaimirira, anaberekanso dengu lake, pakuti nthano imeneyi sanainenepo manja ali chabe, ndipo anathyola kamodzi, masamba awiri ndi kansonga.

"Panangokhala," anatero.

Amayi onse anakhala chete, kusiyira mlendo. Mtsikanayo anayankha monga anaphunzirira kwao.

"Tili tose."

Apo ndiye Teleza analira, kulira kwenikweni, kofuula, kumene sanalire pa tsiku la wezulo kapena pa tsiku la ukwati wake. Alesi anamugwira mapewa, nayenso misozi ili chuchuchu, akumukalipira kuti, "Nena iwe, nena! Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi mwana wa eni ake ali chiimire pachipata!"

"Anatsegula," anatero Teleza. "Anatsegula, mwanangu. Tsiku lomwe lija anatsegula. Nsalu yake anali atachapa kale. Anakankha mpiringidzo, anatuluka, anaponda dothi. Linali lozizira, lonyowa, linalowa pakati pa zala zakumapazi, ndipo iye anaseka."

"Tili tonse," anayankha amayi aja motsitsa.

"Nanga dziko lija linagwa?" anafunsa Sofiya.

Teleza anaganiza kanthawi. "Iyayi. Silinagwe. Zinali zongomuopseza. Mwene anapitiriza kuweruza milandu atafulatira anthu, ndipo panapita mwezi asanazindikire kuti mwana wake palibe."

"Ndi mnyamata wa mvula uja?"

Teleza anayang'ana mwanayo, mphumi yake, kutalika kwake, matope a kumapazi kwake. "Anali atapita. Sikuti anatopa ayi, anachita kumuchotsa. Anakafika kwina, anapeza mkazi wabwino, woti nthano ya mkazi wina amakhala pansi n'kumvera nawo. Anabereka mwana wokongola. Ukawauze amayi ako kuti ndati zikomo." Anagwira dzanja la mtsikanayo n'kuikamo masamba awiri aja ndi kansonga kake. "Koma bambo ako ayenera kumva. Ukapite pamanda pawo ukanene kuti anatsegula."

Mtsikanayo anaweramitsa mutu. "Kwathu akazi sitipita kumanda, amayi."

Teleza anatembenukira kumapeto kwa mizere. Bulugamu uja anali akadalipo, wongooneka thunthu lokha, nthambi zitamira m'nkhungu. Ngolo za ng'ombe zinali zitatha kale, masamba ankanyamulidwa ndi thirakitala, ndipo pansi pa mtengopo panalibe munthu.

"Chabwino," anatero. "Ndinena ndekha. Bambo ako m'nkhungu amamva bwino."

Anapuma mpweya wambiri, anaika manja kukamwa ngati woitana munthu kutsidya kwa mtsinje, n'kufuula liwu lija limene linamukhala pakhosi, kamodzi, kachiwiri, kachitatu, mpaka kapitawo watsopano anabwera akuthamanga kudzafunsa kuti walumidwa ndi njoka ndani. Teleza anaimabe, khutu litatchera ku bulugamu, kwa nthawi yaitali ndithu. Kenaka anakonza dengu kumsana n'kuuza Alesi kuti mwanayu wayenda mtunda wautali, amufunire chakudya, koma chisakhale cha nyama, poti kwao sadya yosazingidwa ndi Msilamu.